Kondakitala Akana Kutikita Mwendo wa Bambo Ake

1. Beseni ndi botolo la mafuta

Lole ya bambo ake a Kondakitala inkadziwika ndi kutsokomola. Ikangokhota pakona ya golosale, galu wa oyandikana nawo ankayamba kuuwa, ndipo mtsikanayo ankasiya chilichonse n'kuthamangira kukatsegula geti.

Dzina loti Kondakitala anamupatsa ndi bambo akewo ali kamwana, chifukwa ankalirira mpando wakutsogolo n'kumakuwira anthu a m'njira kuti akwere. Tsopano anali mtsikana wa kusekondale, koma dzinalo linamukakamira ngati chisoso pa siketi. Bambo akewo aliyense ankangowatchula kuti a Dalaivala.

M'nyumbamo munali lamulo limene panalibe analikhazikitsa, koma aliyense ankalidziwa. A Dalaivala akabwera ku ulendo wautali ankasamba, n'kudya, kenako ankakhala pampando wawo wa pabalaza miyendo atasanjika pakatebulo. Kondakitala ankabwera ndi beseni la madzi otentha, kansalu ndi botolo la mafuta. Ankathowa miyendoyo, kenako n'kuitikita kuyambira mu akakolo mpaka m'mawondo, uku bambo ake akumusimbira za m'misewu. Ntchitoyi sankaipereka kwa wina. Ankati manja a amayi ake ndi olimba ngati sipanala.

Masana a tsiku limeneli a Dalaivala anatsika m'lole akutsimphina. Sanaimbe likhweru ngati masiku onse. Atasamba anagwera pampando n'kuyatsa ndudu.

“Kondakitala, fulumira ndi madziwo. Lero ugwire mwamphamvu, wakumanzerewu wandizunza njira yonse. Mawa m'mawa ndinyamukanso ndi simenti ili m'loleyo.”

Mtsikanayo anagwada n'kupinda buluku la bambo ake. Mwendo wakumanja unali monga mwa masiku onse. Wakumanzere unali utatupa kuchokera mu akakolo mpaka kupitirira bondo, khungu lake likunyezimira. Ataugusa ndi kunja kwa dzanja anamva kuti ukutentha. Anangokhudza katumba pang'ono, bambo ake n'kutsonya ndi ululu.

Kondakitala anabweza manja ake msangamsanga. Anali atakumbukira azakhali ake.

2. Zimene azakhali ananena

Azakhaliwo anali mlongo wamkulu wa a Dalaivala, namwino wa pachipatala chachikulu, mayi wosadziwa kunong'ona. Pa tchuthi chapitacho anabwera kudzacheza, ndipo atamuyeza mchimwene wawoyo kuthamanga kwa magazi anavula magalasi n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

“Achimwene,” anatero tsikulo, “inu mumayesa mitsempha ya magazi ndi mapaipi a labala ngati a lole yanuyo. Ayi ndithu. M'kati mwa mtsempha uliwonse muli kakhungu kopyapyala kuposa ka anyezi, ndipo kakhungu kameneko n'kamoyo. Ndi kamene kamachititsa kuti magazi aziterereka osamata m'mbali. Ndi kamene kamauza mtsempha kuti tambasuka, munthuyu akuthamanga, kapena finyika, munthuyu wadzicheka. Kakakhala kabwinobwino, magazi saundana panjira. Koma kakavulala kamaitana magazi kuti adzamate balalo, monga imachitira nkhanambo pachilonda. Tsono nkhanambo ya pakhungu ndi yothandiza. Ya m'kati mwa mtsempha imatseka njira.

“Ndipo chimene chimakavulaza mukuchidziwa, chili m'thumba la malaya anumo. Utsi wa fodya umakawaula tsiku ndi tsiku. Kuthamanga kwa magazi kumakapala. Shuga akachuluka m'magazi amakadya. Pamwamba pa zonsezo inu mumakhala tsiku lathunthu mawondo ali chipindire, osatsika ndi pang'ono pomwe kuti muwongole miyendo, magazi n'kudikha m'miyendomo ngati madzi a pachithaphwi. Mukuputa tsoka, achimwene.”

A Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola. “Anamwino inu mumaona maliro paliponse. Munthu akangoyetsemula, mwayamba kale kumuyeza bokosi.”

Azakhaliwo sanaseke nawo. Anatembenukira kwa Kondakitala.

“Iwe amene umawatikita, tchera khutu. Miyendo yonse iwiri ikangotopa, tikita, palibe vuto. Koma tsiku limene udzaone mwendo umodzi watupa wokha, ukutentha, ukuwawa m'katumba, manja ako adzakhale kumbuyo. Mwina mudzakhala muli magazi oundana. Ukawafinya akhoza kuthothoka n'kuyenda ndi magazi anzawo mpaka kukatseka m'mapapo. Munthu amafa ali chikhalire pampando, kapu ya tiyi ili m'manja. Udzandiimbire foni, ngakhale adzakukalipire chotani.”

3. Mwana wamwano

“Ukudikira chiyani? Madziwo azizira,” anatero a Dalaivala.

“Bambo, mwendo uwu sinditikita.”

Amayi ake, amene ankatsuka mbale kukhitchini, anasiya kugobeza.

“Wati chiyani?”

“Sinditikita. Watupa wokha ndipo ukutentha. Azakhali anati...”

“Azakhali! Nyumba ino ndi ya azakhali? Anakubereka ndi azakhali?” A Dalaivala anazimitsa ndudu pambale mwamphamvu ngati akupha nsikidzi. “Tamvera kuno, mwana iwe. Ine ndinayamba kugwira chiwongolero iwe usanabadwe. Miyendo iyi yatupapo, yaphwapo, yatupanso, ndipo sindinafe. Ndimagona m'lole, ndimalumidwa ndi udzudzu m'malire a mayiko, ndimadya zozizira, zonsezo kuti iwe uvale yunifolomu. Lero ndikupempha manja ako okha, manja amene ndinawalera ndekha, ndiye ukundiyankha ngati ukuyankha mnzako wa m'kalasi? Sukulu imeneyi ikukuphunzitsani mwano? Ife makolo athu akatituma tinkathamanga asanamalize n'kulankhula komwe. Mwana wokana kholo sapita patali, ndikukuuza ine. Gwira mwendowu!”

Mawuwo anamubaya Kondakitala. Chikhalire, bambo ake anali asanamutchulepo wamwano. Misozi inalengeza, koma pamodzi ndi misoziyo panabwera mkwiyo umene sankadziwa kuti ali nawo. Anakwiya ndi paketi ya fodya imene inkasuzumira m'thumba la malaya. Anakwiya ndi mapilitsi a kuthamanga kwa magazi amene anali pamwamba pa kabati chigulire, atachita fumbi.

“Mundimenye kaya mundithamangitse, koma sindigwira,” anatero.

Amayi ake analowa akupukuta manja. Iwo anali munthu wokonda mtendere, wa mtundu uja woti nyumba ikamapsa amayamba wapepesa moto.

“Mwanawe, ingowagwira pang'ono mtima ukhale pansi. Bambo ako atopa. Kapena bweretsa mafutawo, ndiwatikite ndine.”

Anatambasula dzanja kuti atenge botolo, koma Kondakitala analitsomphola n'kulibisa kumbuyo.

“Amayi, inunso? Munalipo pamene azakhali ankalankhula! Munkagwedeza mutu! Lero mukufuna muwaphe ndi manja anu chifukwa choopa kukalipiridwa?”

“Iwe! Ukulankhula ndi amayi ako choncho?” A Dalaivala anawerama kuti adzitikite okha, koma mimba imene anaikulitsa pa chiwongolero sinawalole kufika pa katumba. Anayesa kawiri, n'kubwerera kumbuyo akupumira m'mwamba, ndipo zimenezi zinangowonjezera ukali wawo.

“Chabwino. Usiye. Mawa ndikaponda kilatchi, uphwa wokha.”

Apa m'pamene Kondakitala anachita chinthu chimene ngakhale iye mwini sanachiyembekezere. Makiyi a lole ankakhala pamsomali kuseri kwa chitseko. Anawakolowola, n'kutola foni ya amayi ake patebulo, n'kuthamangira kubafa kumene anadzitsekera.

“Bweretsa makiyi anga!”

Iye anali atayamba kale kuimba.

4. Paipi ya mafuta

Azakhali anafika pa galimoto yahayala, asanavule n'komwe yunifolomu. Sanapereke moni. Anagwada, nayang'ana mwendo uja, naukhudza ndi kunja kwa dzanja, kenako n'kudzuka.

“Wautikita?”

“Ayi, azakhali,” anayankha Kondakitala ali pakhomo la bafa, makiyi atawafumbata.

“Nanga inu alamu?”

“Anandilanda mafuta,” anatero amayi ake motsitsa mawu.

“Anachita bwino. Achimwene, dzukani, galimoto ikudikira panja.”

“Sindipita kulikonse,” anatero a Dalaivala. “Inu achemwali, zinthu izi ine ndimazidziwa. Paipi ya mafuta ikatseka sitiitengera kuchipatala. Timaigogodagogoda, n'kuipopa, chitsotso chija n'kuchoka, galimoto n'kuyenda. Mwendowu ukungofuna kuugogoda basi. Mwanayu akanagwira, bwenzi pano nditagona.”

“Bwenzi mutagonadi, tulo tosadzuka nato,” anatero azakhali. “Tandiuzani, inu katswiri. Chitsotsocho chikachoka m'paipi chimapita kuti? Chimasungunuka?”

A Dalaivala anayankha monyinyirika. “Chimakakodwa pa sefa.”

“Sefa ikapanda kukhalapo?”

“Chimalowa mu injini.”

“Ndiye injini imatani?”

Azakhali anadziyankha okha.

“Imazima! Inu sefa mulibe, achimwene. Chochoka m'mwendomu chimadutsa mumtima n'kukaima m'mapapo. Ndipo chikakaima muli pa chiwongolero, simenti ili kumbuyo, pamsewu pali ana a eni ake akuchokera kusukulu, mudzapha angati? Ndinakuuzani chaka chino chomwe, munandiseka. Mapilitsi aja si awo ali pakabatiwo, akusunga fumbi? Fodya munasiya? Mumaima panjira kuti muyendeko pang'ono? Mtsinje wa tinkanena unathera mu siizi. Ine ndatopa kutseka maso a anthu amene ankati akudziwa. Sindikufuna kudzatseka anu. Ndipo mwana uyu mukumutcha wamwanoyu ndi yekhayo m'nyumba muno amene ali ndi makutu.”

A Dalaivala anadzuka mwaukali kuti awaonetse kuti ali bwino. Atangoponda pansi ndi mwendo uja, nkhope yawo inakwinyika, ndipo anagwira khoma.

“Tiyeni,” anatero akukukuta mano. “Tiyeni adokotala akakuuzeni okha kuti ndi kutopa chabe. Tikabwerako, wina aona polekera.”

Ponena mawu otsirizawo anayang'ana Kondakitala. M'galimoto monse sanamuyang'anenso.

5. Chithunzi chakuda

Dokotala anali mayi wachitsikana wolankhula mofatsa. Anapaka mafuta ozizira pamwendopo n'kumayendetsa kachida kounikira, maso ali pa makina. Kenako anatembenuza makinawo kuti onse aone.

“Uwu ndi mtsempha wa mwendo wabwinowu. Taonani, ndikaukanikiza pang'ono ukuphwatalala, chifukwa muli magazi oyenda. Tsopano uwu ndi wa mwendo wotupawu. Sukuphwatalala. Muli chibulumwa cha magazi oundana, ndipo chafika mpaka m'ntchafu. Alipo anautikita?”



“Ayi,” anatero a Dalaivala, akuyang'ana kudenga. “Anakana.”

“Amene anakanayo mumuthokoze,” anatero dokotala. “Bambo, mugona kuno. Tikubayani jakisoni woletsa magaziwa kupitiriza kuundana, kenako mudzamwa mapilitsi kwa miyezi ingapo osadumphitsa. Thupi lidzasungunula chibulumwachi pang'onopang'ono, ndipo kakhungu ka m'mitsempha kamatha kuchira munthu akasiya kukazunza. Koma fodya ndiye mwatsanzikana naye lero. Za ulendo wautali muiwale kaye, chifukwa chibulumwachi chafika pamwamba kwambiri. Mukadzamva kubanika kapena kubaya pachifuwa, muitane namwino nthawi yomweyo.”

Kondakitala anadikira. Sankafuna zambiri. Bambo ake akanangomuyang'ana n'kunena kuti “Kondakitala wanga,” zikanakwana. Koma atawagoneka mu wodi, a Dalaivala anatambasula dzanja, nkhope ili kukhoma.

“Makiyi.”

“Sindikupatsani, bambo.”

“Wandichititsa manyazi pamaso pa mkazi wanga ndi mlongo wanga. Chiyambire ntchito sindinalepherepo ulendo. Bwana akaika dalaivala wina pa lole ija, udzadya mwano wakowo.”

“Bola kudya mwano muli moyo!” Mawuwo anatuluka mokweza kotero kuti odwala a mabedi oyandikana anadzutsa mitu. Azakhali anamugwira paphewa n'kumutulutsa panja. Ali m'khonde Kondakitala analira ndi ukali, makiyi akumulasa m'chikhatho.

6. Makiyi awiri

M'mawa mwake lole inali ili pabwalo, simenti yake itafundidwa lona. Kondakitala anaika makiyi pansi penipeni pa chikwama cha mabuku n'kupita kusukulu. M'kalasi sanamve kanthu. Ankangopisa dzanja m'chikwama kuti awakhudze, ndipo akawakhudza mtima unkakhala pansi. Bambo ake akwiye mmene angakwiyire, koma popanda makiyi sakanapita kulikonse.

Ataweruka sanadzere kunyumba. Anagula malalanje awiri pageti la chipatala n'kulowa mu wodi akukonza mawu opepesa, osati chifukwa chokana kutikita, koma chifukwa chokuwa.

Bedi la bambo ake linali lopanda munthu. Bulangete linali litapindidwa bwinobwino, monga ankapindira la m'lole.

“Ukufuna a Dalaivala?” Wofunsayo anali mkulu wa bedi loyandikana, bambo waimvi amene phazi lake linali lokulungidwa mabandeji. “Atuluka, mwanawe. Sipanapite nthawi yaitali.”

“Atuluka? Awatulutsa adokotala?”

“Adzitulutsa okha. Kunabwera bwana wawo, wamimba, wonunkhira mafuta okwera mtengo. Anaima pomwe waimapo n'kunena kuti omanga akudikira simenti, ndipo ngati bambo ako sangathe, anyamata ofuna ntchito ndi ambiri. Anamwino anawaletsa, anawachonderera, azakhali ako anali ku chipinda cha opaleshoni. Bambo ako anati, ‘Makiyi ali ndi mwana wanga.’ Ndikuuze zoona, ponena mawu amenewo ankaoneka ngati apeza pothawira. Koma bwanayo anangoseka, n'kupisa m'thumba, n'kutulutsa ena.”

Malalanje anagwa m'manja mwa Kondakitala n'kugubuduzika kunsi kwa bedi. Tsiku lonse anali akulondera makiyi, osadziwa kuti lole imakhala ndi makiyi awiri.

“Ine ndinawauza,” mkulu uja anapitiriza, akuloza phazi lake. “Ndinati, mnzanga, taonani kuno. Zala zitatu zapita. Inenso ankandiuza za shuga ndi fodya, ine n'kumati mitsempha ndi yanga. Mitsempha simva kuti uyu ndi bambo wa pakhomo, simva kuti bwana akudikira. Imangotseka. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Bambo ako anangoti zikomo, n'kuvala nsapato imodzi, inayo inakana kulowa. Ndipo taona apo. Namwino anawathamangira ndi mankhwala kuti bola atenge, iwo n'kuwaiwala pomwepo.”

Pakabati ka pambali pa bedi panali kathumba ka mapilitsi, kosatsegula.

Kondakitala anakwiya ndi bwana wonunkhirayo. Anakwiya ndi bambo ake, amene ankaopa kuchotsedwa ntchito kuposa kusiya mwana wamasiye. Akanatha kukhala pabedipo n'kulira mpaka azakhali atatuluka ku opaleshoni, ndipo palibe akanamunena.

Koma sanamutche Kondakitala pachabe. Njira za lole ija ankazidziwa ngati mizere ya m'dzanja lake. Lole yonyamula simenti sinkatuluka m'tauni isanakwere pasikelo, ndipo masana pasikelopo pankakhala mzere wautali.

“Agogo, azakhali akatuluka muwauze kuti ndapita kusikelo. Abwere ndi ambulansi.”

“Nanga akakakana kutsika, mwanawe?”

“Ndikakwera. Mpando wakutsogolo ndi wanga.”

Anaponya makiyi aja pabedi, popeza analibenso ntchito, n'kutola kathumba ka mapilitsi. Anatuluka mu wodi akuthamanga, chikwama chikumumenya kumsana. Pageti anakwera njinga yamoto yoyamba imene anaiona, ndipo asanakhazikike n'komwe anali akumukuwira kale woyendetsayo kuti afulumire.

Atakhota pa msewu waukulu anauona mzere wa malole uli patali. Unali ukuyenda bwinobwino kupatula malo amodzi. Pakati pa mzerewo lole imodzi yofundidwa lona, ya bambo ake ija, inali itaima, za kumbuyo kwake zikuimba mahutala, ndipo anthu ankathamangira ku chitseko cha dalaivala.